Buku Lakuda la ku Dilwyn

Ntchito yanga ndi kusambitsa a Emlyn Probert,
kuwamanga mabatani,
kuwawerengera mapiritsi asanu m'kambale kobenthuka,
kuno ku Dilwyn, kumene mvula imagwa ngati ikubweza ngongole.

Dzina langa analitaya kalekale.
La mwana wawo Nerys limabwera n'kupita
ngati basi ya ku Leominster.
Koma kankhani chikuku chawo mpaka kumunda,
muone msana ukuwongoka:
uwu anabzala bambo anga chaka chimene ng'ombe zinafa ndi chisanu,
uwo osaulawa, ngowawa, ngwa mumgolo basi,
wopendekawo unalimbana ndi mphezi.
Mitengo mazana awiri,
palibe umene amautchula dzina la unzake.

Okutobala akafika, chipata sichitsekedwa.
Mayi Bufton a kupositi abwera ndi matumba awiri,
abusa akukankha wilibala yolira,
anyamata a mpira akugwedeza nthambi ndi milongoti,
maapozi phu! phu! pa udzu wonyowa.
Nerys amayeza pa sikelo yadzimbiri
n'kulemba m'buku lakuda limene agogo ake anayamba.
Ndalama sizituluka m'thumba la munthu.
Wabweretsa zipatso, udzatenga mabotolo masamba akaphuka.

M'shedi chofinyira chimabuula ngati munthu wodzuka ndi nyamakazi.
Madzi amatsika chuu, ofiirira ngati a m'dambo,
mavu ataledzera akugwera m'zidebe.
Zotsalira amatenga a Tudge, nkhumba zawo zikondwe.
Kenako kudikira.
Huw, mdzukulu, amagunditsa khutu pa mgolo
ngati mzamba pa mimba:
wayamba kulankhula, amatero,
sayida wayamba kulankhula.

Chaka chatha kunabwera amuna a nsapato zopanda matope,
akufuna munda, shedi, ngakhale dzina la pa botolo.
Nerys anawathirira m'matambula, iwo n'kuyamikira.
Kenako anawakankhira buku lija.
Mitengo mungagule, anatero,
nanga awa muwalipira bwanji?
Anatsegula masamba awiri atatu,
mayina a amoyo ndi a ali kuseri kwa tchalitchi
atagundana mapewa mzere umodzi,
n'kunyamuka mvula isanakate.

Januwale, usiku, mudzi wonse kumunda ndi miyuni.
Akumenya mapoto, ana akukuwa,
wina waomba mfuti m'mwamba kuthamangitsa zoipa,
buledi wonyika m'sayida amupachika pa nthambi,
chikho chathunthu achikhuthulira pa mizu.
Ine, mwana wa ku Ntcheu, ndinaseka m'kati mwa sikafu:
kwathu anatiuza kuti nsembe nzachikunja,
nanga izi akuthira patsinde apa n'chiyani?
Anandipatsira chikho. Zala zinali zitafa.
Ndinathira pang'ono pansi, mwachizolowezi,
ndipo palibe anadabwa.

Kuseri kwa nyumba imene ndimachita lendi,
pafupi ndi njanji,
kuli kamtengo kosasamalidwa,
zipatso zake zazing'ono, zamawanga, zoti ngakhale mbalame zimazinyoza.
Chaka chino ndinatola chidebe chimodzi,
ndinakwera nacho basi, manyazi ali tho.
Nerys sanaseke. Anayeza.
Anandifunsa kalembedwe kake, chilembo ndi chilembo:
Tionenji Kalumbu, chidebe chimodzi,
pansi penipeni pa Mayi Bufton.

A Emlyn anatambasula dzanja lonjenjemera,
anasankha limodzi, analipukuta pa juzi,
n'kuluma ndi mano awo otsalawo.
Nkhope inakwinyika.
Anatafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga.
Ili ndi la kwa mayi wamasiye wa Skyrme, anatero,
kuseri kwa njanji.
Ndinaulumikiza ndekha mtengowo, ndili mnyamata.
Ukadalipo?

Ukadalipo, bambo.

Sanandifunse kuti ndine yani.
Koma madzulo ndikuvala jekete,
anandikodola:
iwe wa kunjanji,
nthambi ya kum'mawa ija ukaidulire chisanu chisanathe.