Zikasu Ziwiri

Chitini ndachiviika m'ndowa ya madzi ofunda,
poti kuno ku Talkeetna Epulo akadali ndi mano,
ndipo penti akazizidwa amalavula madontho.
Ndikuchikhutchumula. Kachitsulo kam'kati
kakuti khotcho, khotcho, khotcho,
mphindi ziwiri zathunthu, monga ankanenera bambo:
osati imodzi ndi theka, Marit, ziwiri.

Ndege yaima m'shedi, mphuno m'mwamba,
ya mipando iwiri, matayala onenepa.
Kumchira kwake kuli nthomba,
zipsera za nsangalabwi za mtsinje wa Susitna
zimene matayala ankaponya kumbuyo
bambo akamatera pamchenga
ndi makalata, shuga, mafuta a jenereta,
tsiku lina ndi mzamba
amene anasanza njira yonse
koma mwana n'kubadwa bwinobwino.

Ndakhula ndi msasa mpaka chitsulo chati mbee.
Ndapukuta, ndamata tepi,
manambala ndawafunditsa nyuzipepala yakale
ya mwezi umene bambo anali akupumabe.

Dzanja liyambe kuyenda chala chisanadine,
ankatero, ndipo usaime pamodzi.
Psiii, kumanzere. Psiii, kumanja.
Koyamba ndinayandikitsa kwambiri,
penti n'kugwetsa msozi wautali
umene unatsetsereka, n'kuuma usanafike pansi.
Ndinaudikira ola, n'kuukhula,
n'kuyambiranso ngati sindinauone.

Fungo lalowa mpaka m'malovu.
Ndatsekula chitseko cha shedi pang'ono,
mphepo yabwera ndi fumbi la chipale chofewa
ndi ubweya umodzi wa galu wa anansi
umene wakakamira paphiko, pakatikati,
ngati unaitanidwa.

Pachitini alemba nambala yomweyo
imene ili m'buku la ndegeyi,
nambala yolembedwa ndi dzanja lopendekera la Arvid Halonen.
Koma penti akauma, bodza limaoneka:
chikasu changa n'cha dzira loswedwa lero,
chikasu chawo chinanyambitidwa ndi dzuwa
la zilimwe makumi atatu,
dzuwa lakuno losadziwa kulowa.
Zikasu ziwiri zayandikana pamchira
ngati abale okumana pamaliro,
magazi amodzi, nkhope zosiyana.

Wogula akubwera Loweruka kuchokera ku Palmer,
Dewey Strandberg, ndi tochi yake ndi cheke.
Pafoni anati, ingobisani zoonekerazo,
zinazo ndikaona ndekha.
Ine sindiuluka. Ndinayesa kawiri,
mimba yanga inakana kusiyana ndi nthaka,
ndipo bambo sanandinene, anangoseka
n'kundipatsa ntchito yopukuta magalasi.

Ndatsiriza mchira, ndatsiriza kunsi kwa phiko,
ndaphimba pamene mphondero inakanda ndi nyanga
chaka chimene inagona usiku pafupi ndi tayala.
Kwatsala pamodzi,
pafupi ndi chitseko cha woyendetsa,
pamene penti anatha yekha, popanda mwala,
malo aakulu ngati chikhatho.
Apa m'pamene ankamenya kawiri asanakwere,
pha, pha,
ngati munthu wodzutsa mnzake paulendo.
Sindinawafunsepo chifukwa.
Ndinkayesa kuti nthawi ilipo.

Tepi ndadula kale. Msasa uli m'thumba.
Chitini chikadali ndi kulemera,
chingakwane apa n'kutsalako.
Khotcho, khotcho.
Ndaika dzanja langa pachitsulopo,
n'chozizira, n'chosalala kuposa pena paliponse,
ndipo zala zanga sizikufika m'mphepete.

Ndazondotsa chitini,
ndapopera pakatoni mpaka mpweya wokha,
kuti kabowo kasatsekeke, monga ankanenera.
Pakatoni patsala dzuwa laling'ono, lonyowa.

Dewey akafunsa, ndidzati penti anandithera.
Akapanda kufunsa,
ndidzamuonetsa pomenya.