Dindani Apa

Lamba wa malasha sanaime.
Izi zilembedwe poyamba,
pamwamba pa dzina langa, Jerivaziyo Kamtedza,
pamwamba pa tsiku ndi ola:
lamba anapitiriza ulendo wake
atatenga zala zanga zitatu,
ndipo madzulo ake sitima inanyamuka ku Mowatizi
pa nthawi yake.

Mwina zinakafika kudoko.
Mwina zikuwotha moto kutsidya kwa nyanja yamchere,
dziko limene mwinizala sadzapondako.

Kuchipatala cha ku Tete anasoka potsalapo
monga timasokera pakamwa pa thumba la kachewere.
Ludovina anakwera chapa kuchokera ku Ulongwe
atagulitsa nyemba zambewu.
Sanalire. Anangofunsa ngati ndadya.

Miyezi isanu ndi inayi.
Mlatho wa Zambezi unafika pondidziwa mapazi,
envulopu yakhaki ikufewa ndi thukuta m'khwapa.
Bwerani mawa.
Dotolo sanasaine.
Bwana wa seguru ali ku Maputo.
Chidindo chili m'kabati, koma wa kiyi wapita kumaliro.

Tsiku lina Dona Selesite,
wa zikhadabo zofiira, khumi zonse,
anatsegula buku lalikulu.
Apo ndinadziwa kuti munthu anamuphwatula kale,
anamuyala pa thandala ngati mbuzi ya Loweruka:
diso mtengo wake, khutu mtengo wake,
mwendo wodukira kumtunda kwa bondo, wodukira kumunsi.
Chala chachikulu chimaposa chamkombaphala,
chamkombaphala chimaposa chapakati.

Ndinayang'ana mzere wa khasu, munalibe.
Mzere wa batani la yunifomu ya mwana, munalibe.
Wa moni nawonso,
poti masiku ano munthu amatambasula dzanja
n'kulibweza lili panjira, n'kugwira chipewa chake.
Nanga kuyabwa kwa pakati pa usiku
pa chala chimene kulibe,
ndikande pati, ndilipiritse yani?

Anadinadina kamakina.
Makontu makumi asanu ndi limodzi.
Chipukutamisozi, anatero,
ngati misozi ndiyo inaduka.

Kulemba ndimatha, sukulu ndinapitako,
koma cholembera chinagubuduka
pakati pa zala ziwiri zamasiye.
Dona, maso ali papepala, anakankha kabokosi ka inki.
"Basi dindani apa. Chachikulu, chakumanja."

Fani yokha ndiyo inkayankhula kudenga.

Ndinaika dzanjalo patebulo, pang'onopang'ono,
pafupi ndi kapu yake ya tiyi.
"Mayi, chimenecho ndi chomwe mukugulachi."

Anameza malovu. Anatembenuza pepala.
Ndinadinda ndi chakumanzere
pansi pa Chipwitikizi chonena kuti nkhani yatha,
sindidzabweranso.

Ndalama ilibe fungo, amatero,
koma msuweni amene sanaponde kuchipatala
anainunkhiza ali ku Domwe.
Wolemba makalata anadula yake.
Ngongole za chapa, za mankhwala, za nyemba zija.
Zotsala tinagula malata khumi ndi anayi,
feteleza matumba awiri,
ndi nsapato za Marisela zokulirapo, kuti zimudikire.

Jombo zakumgodi zikadali kuseri kwa chitseko.
Mwalowa nkhuku, yaikiramo.

Dzulo Marisela amawerengera masamu pa manja anga,
akuti ake ndi aang'ono.
Anayamba kumanzere, anawoloka,
anafika pa seti n'kuima.
Ndinadikira funso.
Iye anangokweza maso kudenga latsopano
monga anamuuzira amake,
naloza: oyitu, novi, deji.

Usiku kunabwera mvula yoyamba.
Onse anagona, sikunadonthe paliponse.
Ine ndinakhala tsonga mumdima
kumvetsera pamwamba pa malata
zala zikugogoda,
zikugogoda,
ngati munthu wobwera mochedwa
amene sakudziwa ngati pano mpakwawo.