Tsitsi la Shondrelle

Tsitsi limenelo ndinaluka ndine,
Lachinayi usiku, m'saluni mwanga muno mu Baton Rouge,
maola asanu, mwini wake akuwodzera pakati pa mawondo anga,
mapazi ali m'beseni la madzi oundana.
Chala chake chachikulu chakumanzere chilibe chikhadabo,
chaka chino n'chachitatu.
Kamera siifika kumeneko.

Loweruka tinazimitsa zoumitsira tsitsi,
tonse maso pa kanema.
Mamita mazana anayi. Mzere wachisanu.
Mfuti italira, Mayi Thibodeaux anadzambatuka
mankhwala akadali m'mutu.

Bambo woulutsa uja akuti:
"Taonani mphamvu! Nyalugwe weniweni!
Awa amabadwa nazo."
Amabadwa nazo?
Ine ndinalipo tsiku limene anabadwa.
Anabwera ndi mphumu, basi.
Zinazo anakatola yekha
pabwalo la sukulu, mdima usanachoke,
asanakwere basi ya kuntchito.

Wa mzere wachitatu, watsitsi lofiirira uja,
akuti ndi wanzeru, amawerenga mpikisano,
amadziwa posungira mpweya.
Kope la Shondrelle ndimalidziwa ine,
masekondi okhaokha tsamba ndi tsamba,
linadonthera mafuta anga a tsitsi.
Koma iye akuti ndi minofu.

Anapambana. Anakuwa, kukamwa yasa!
Anyuzi anasankha chithunzi chomwecho,
mitsempha ya m'khosi, mano onse pamtunda,
pansi pake funso: wakwiyiranji?
Pafoni ena akufunsa ngati ndi mkazi ndithu.
Ena akuyeza zikhadabo zake zopaka, nsidze,
kufupika kwa kabudula.
Nthawi yake ili kumunsi kwenikweni,
timalemba ting'onoting'ono
ngati chenjezo la pabotolo la mankhwala.

Lero Lolemba wabwera kudzamasula.
Za nyuzi sanatchule.
Wangoti, "Anti Verlene, pakati apa munakoka kwambiri,
mutu umandiwawa pokhota."
Ndati pepa, mwanangu.

Kamdzukulu ka Mayi Thibodeaux kali pabenchi,
miyendo lendelende, sikafika pansi.
Sikakuyang'ana tsitsi, kapena zikhadabo.
Kakuti, "Pokhota pomaliza paja,
munadziwa bwanji kuti ndi pano?"

Shondrelle wandilanda chipeso,
wapumira pagalasi langa,
akujambula bwalo pa nthunziyo.
Theka la mutu lamasulidwa, theka lidakali lolukidwa.
Ine ndaima, manja ali m'malere,
ndikudikira amalize.