Kusanja Mafayilo ku Gdańsk

Lolemba chipale chofewa chinayamba kugwa padoko kusanache.
Bogumiła anavula magolovesi, nayatsa kompyuta,
ine n'kumuikira tiyi pambali pa kiyibodi.
Ntchito ya sabatayo inali mafayilo zikwi zisanu a XML
ochokera ku makampani a sitima zapamadzi,
iliyonse ndi kalembedwe ka mwini wake.
Bwana anati tiwasanje m'mitundu lisanafike Lachisanu.

Mtundu woyamba sunativute.
Awa ndi aja opachika zonse pachitseko:
chizindikiro chotsegulira chasenza dzina la sitima,
kulemera kwa katundu, deti, doko lochokera,
zonse zothinana pamzere umodzi mpaka kusefukira pasikirini.
Ukalowa m'nyumbamo, muli pululu.
Bogumiła amawatcha aphuma.

Achiwiri ndi amabokosi.
Bokosi la sitima, m'kati mwake la katundu,
m'kati mwake la nsomba, m'kati mwake la kulemera,
ndipo pansi penipeni kanambala kamodzi
kali phee ngati khanda lofunditsidwa.
Tsiku lina ndinadutsa makomo khumi ndi anayi
kuti ndingomva kuti mchere unali matani atatu.
Komabe amatseka chilichonse chimene atsegula,
ndipo pa ichi ndimawavulira chipewa.

Alipo ena olongolola.
Amalemba chiganizo chathunthu ngati kalata ya kwa mlamu,
n'kumangotchingira mawu apa ndi apo,
deti apa, dzina la kaputeni uko.
Makina sagwirizana nawo.
Ine ndimawawerenga pa nkhomaliro.

Achinayi sindiwakhululukira.
Kwa iwo chilichonse ndi "chinthu".
Chinthu, dzina lake lakuti, mtengo wake wakuti.
Nangula ndi chinthu. Wophika wa m'sitima ndi chinthu.

Pofika Lachinayi madzulo mizati inayi inali itadzaza bwino,
mpaka inatulukira fayilo ya sitima yochokera ku Klaipėda.
Mndandanda wa amalinyero: khumi ndi awiri ponyamuka.
Khumi ndi mmodzi ali ndi deti lotsikira pamtunda.
Wotsiriza, Rimvydas, zaka makumi awiri ndi zitatu,
chizindikiro chake chilipo,
koma chatseguka n'kudzitseka pomwepo,
kamzere kopendekeka kokha,
ngati munthu wodziluma mlomo.

Bogumiła anati pali njira zitatu zolembera kusowa:
kusachilemba n'komwe chizindikirocho,
kuchilemba chopanda kanthu,
kapena kunena poyera kuti palibe, ndipo tikudziwa kuti palibe.
Mlembi uyu anasankha yapakati.
Kaya anaiwala, foni italira.
Kaya mnyamatayo anakwera sitima ina.
Kaya.
Pawindo nyanja ya Baltic inali bii, mu Januwale.

Tinaipereka ku makina oyesa.
Anayankha ndi mtundu wobiriwira: palibe cholakwa.

"Ndi ya amabokosi imeneyo," anatero Bogumiła akumanga sikafu,
ndipo sananame.
Makomo onse anali otsekedwa, limodzi ndi ilo.
Ndinaiika mumzati wachiwiri, nambala inakwana,
bwana adzakondwa.

Kenaka ndinakopera nambala ya foni ya kampaniyo
kuseri kwa tikiti yanga ya tramu.
Ku Klaipėda amatsegula ofesi eyiti koloko.
Kuno imakhala seveni,
magetsi a padoko asanazime.