Kaundula wa ku Kachulu

Sabata yachiwiri tsopano, Sitandade 6 ilibe ophunzira.
Madesiki tinaunjika pakona, miyendo m'mwamba
ngati mbuzi zopita kumsika wa Jali,
ndipo pabolodi pakadali samu ya Lolemba lija
imene palibe anaimaliza.
M'kalasi mwanga mukugona anthu makumi asanu ndi atatu
ndi bakha mmodzi.

Ine anandipatsa tebulo pansi pa mtengo wa mango,
bolopeni ziwiri ndi kaundula wa boma:
dzina, zaka, mudzi, nambala ya chiphaso.
Mizere yake ndi yowongoka
kuposa njira iliyonse imene anthuwa adzera.

Lachinayi masana bwato linakocheza padoko,
lopanda matemba. Linatula mayi
wa chitenje chimodzi, mwana kumsana, wina padzanja,
ndi mutu wa makina osokera m'thumba la feteleza.
"Dzina?"
"Felizada Mukhwapa."
"Mudzi?"
Analoza ndi chibwano tsidya lija la Chilwa,
kumene mapiri amaoneka ngati utsi,
kumene ndalama ndi ina
koma udzudzu ndi womwewu.
"Chiphaso?"
Anamasula mfundo ya chitenje
natulutsa khadi la kusikelo, lofewa ngati mfutso wonyowa.
Chipwitikizi chonse chinapita ndi madzi;
panatsala kamzere kamodzi kokwera pang'onopang'ono,
kulemera kwa Zeka mwezi ndi mwezi.

Pamzere wina anatsokomola.
A Namaheya, chipewa m'manja, anati:
"Aphunzitsi, matumba aja anawerengera ife.
Mlendo ndi mame, inde,
koma mame sadya ufa."

Sindinawayankhe.
Denga lawo lili m'munda wa mpunga wa eni ake,
mbuzi zawo zisanu Likangala anatenga usiku umodzi;
munthu wotere sumukalipira.
Koma ndikudziwa zimene iwonso akudziwa:
amayi anga anatsikira padoko lomweli
chaka cha mfuti, ine ndili m'mimba,
ndipo amene anawayalira mphasa pakhonde
osafunsa nambala
anali amayi awo a Namaheya.

Bolopeni inalemera ngati khasu.
Fomu ili ndi kabokosi ka mudzi, kakang'ono ngati chikhadabo,
ilibe malo a munthu amene madzi amuthamangitsa
kuchoka m'dziko lina kulowa m'linzake,
nyanja yake imodzi.
Ndinakwera pachulu kusaka netiweki,
ndinaimbira mayi Chipojola ku Boma.
Anamva zonse, anapuma, nati, "Le..."
foni n'kuzima.

Mpaka lero sindidziwa
ngati ankati lembani kapena lekani.

Ndinatsika pachulu, matope mpaka mu akakolo,
ndinalemba: Felizada Mukhwapa, zaka sakuzidziwa, ana awiri.
Pa mudzi ndinaika:
Sitandade 6, pafupi ndi zenera.

Usiku umenewo nyali ya muofesi
tinaipachika panjira ya kuchimbudzi cha amayi,
pakuti mdima wa pakampu uli ndi manja,
ndipo wopanda m'bale ndi amene umayamba kumugwira.

M'mawa ndinamva phokoso lachilendo m'kalasi.
Makina aja analibe miyendo, inatsala tsidya lija;
Felizada ankapukusa gudumu ndi dzanja,
akusoka neti yong'ambika ya munthu amene sakumudziwa.
Ulusi wake wakuda, neti yoyera,
chipsera chikuoneka patali.
Ulusiwo, ndamva, unachokera kwa akazi awo a Namaheya.
Eni ake sanamupatsebe moni.

Lole ikubwera Lachisanu, msewu ukauma.
Mwina matumba adzapelewera ndi limodzi,
mwina adzandiitana ku Boma kuti ndikafotokoze
mudzi umene suli pa mapu.
Ndidzapita ndi kaundula kukhwapa.
Pakali pano Zeka wapeza choko pansi pa desiki,
wakwera pampando,
ndipo pansi pa samu yanga yosatha ija
akujambula bwato.