Kilo, Lima, Zulu

Magetsi azima cha m'ma sikisi, monga mwa masiku onse.
Batire ndakatchajitsa kwa Tisauke ku Kapata
ndipo ndabwera nalo pakeliyala ngati mwana wodwala,
kuzemba maenje onse a mu Mchini.

Mawa kuli mpikisano wa njinga.
Anyamata a makala, a kabaza, ndi aja a zipewa zosongoka
adzanyamukira m'tauni tambala atangotsika.
Ine andiika pa mlatho wa Lutembwe,
pamene msewu umatsetsereka n'kukhota mwadzidzidzi,
pamene foni imangosanduka mwala m'thumba.

Pamphasa ndayala zonse:
wailesi yobwereka, yomangidwa mphira kumsana,
waya, pensulo ziwiri, kope la masamu la mng'ono wanga,
chovala chachikasu chonunkhabe thukuta la mwini wake,
ndi mbatata yootcha.
Ndawerenga katatu. Palibe chasowa.
Chosowa chili m'kamwa mwangamu.

Kusukulu ankanditcha Chibwibwi.
Aphunzitsi pofika pa desiki yanga
ankangoti, wotsatira.
Zaka zonsezi ndakhala ndikugula tomato ndi chala,
ndikulonjera ndi mutu,
lero ine ndemwe ndikhale pakamwa pa mlatho?

A Shawa, amene anakalambira ku positi ofesi,
anandiuza akumangirira mlongoti kumtengo wa mango:
"Vainesi, dina batani, puma, kenako nena.
Ukatha, chotsa chala.
Mphepo si yako wekha."

Ndiye ndaima pakhonde mumdima
kuyeseza dzina langa la mumphepo.
Kilo. Lima. Zulu.
Kilo. Lima. Zulu.
Kuseri kwa mpanda a Zulu atsokomola:
"Ndinalima kale, mwana iwe,
mvula ndiyo ikuchedwa!"
Ndaseka mpaka kukhala pansi.
Ndipo ndazindikira mochedwa
kuti mawu atatuwo atuluka osapunthwa.

Koma mawa sakafuna dzina lokha.
Wina akakaphonya mabuleki pa gulaye paja,
unyolo ukakaduka, mutu n'kupeza phula,
mayi wake ali ku Nabvutika akuchapa,
osadziwa kanthu,
padzatsala ine, batani, ndi lilime langali.

Ndalemba pachikuto cha kope zilembo zikuluzikulu:
NAMBALA YAKE.
WAGWERA PATI.
AKUPUMA KAPENA AYI.
Ndayesa kunena mokweza.
"Nambala fote wagwa pa m, pa m, pa m"
Mlathowo wandikanirira pakhosi
ngati fupa la kapenta.
Ndapuma. Ndayambanso.
Kachisanu ndawoloka.

Pakati pa usiku tulo takana.
Ndalumikiza batire, ndapotokola kachitsulo.
Wailesi yayamba kuthetheka
ngati nsawawa pachiwaya,
kutali kwina nyali yofiira ya pa Kanjala
ikuphethira yokhayokha.
Ndadina. Ndapuma.
Ndatchula dzina, ndafunsa ngati alipo ali maso,
ndipo pakati pa funsolo ndakodwa,
nthawi yaitali ndithu,
yokwanira kuti munthu aseke kapena achoke.
Ndamaliza. Ndachotsa chala.

Phokoso lokhalokha.

Kenako mawu a munthu wosamudziwa,
akuti ali ku Katete, akudikira madzi pampopi:
"Kilo Lima Zulu, ndakumvani bwinobwino.
Kumeneko kwachita mitambo?"
Sanandimalizire mawu.
Sanati wotsatira.
Anangodikira, basi,
poti pawailesi wina akagwira batani
enanu mumakhala chete mpaka athe.

Ndamuuza kuti kuno nyenyezi zili mbee.

Tsopano yakwana wani koloko.
Chovala chachikasu ndachikoleka pamsomali,
matayala ndapopa, alamu ndatchera folo.
Ndikupempha kuti mawa pasagwe munthu,
kuti ntchito yanga ikhale kuwerenga misana yodutsa
ndi kunena kuti onse awoloka.
Koma wina akagwa,
ndidzanena.
Mwina kawiri, mwina kachisanu,
a Shawa ali kumapeto kwa mpikisano, cholembera m'manja,
adzandidikira.

Mbatata ija ndadya kale.
Mawa ndidzagula vitumbuwa panjira,
ndipo ndidzaitanitsa ndi pakamwa.