Masiku Asanu Wopanda Dzina

Masiku asanu, mwanawe, unagona wopanda dzina
m'nyumba yathu ya malata achikasu pa phiri la Cordillera.
Kumunsi Valparaíso ankayasamula, sitima zikulira padoko.
Amayi ako, Nélida, ankangokuti "iwe",
ine "bwana", poti tulo tathu ndiwe unkatilamula.

Ndinayenda ndi mayina awiri m'thumba la ovolosi,
olembedwa kuseri kwa risiti ya girisi.

Loyamba linali Eleuterio.
Bambo anga amenewo, msodzi wa ku Caleta Portales,
wa zikhatho zokhakhala ngati chingwe cha nangula.
Sanandiyamikirepo kanthu,
koma nsomba yoyamba ya mu ukonde
ankaikulunga m'nyuzipepala kusungira ine.
Anapalasa m'mawa wina wa Juni, nyanja itatupa.
Bwato linabwera lokha.
Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri,
ndipo dzinalo landikhala pakhosi ngati munga wa nsomba:
kulimeza ayi, kulilavula ayi.

Lachiwiri linali Fermín.
Si m'bale wathu. Amaphika buledi pangodya apo,
wamimba, ndevu zili mbuu ndi ufa,
amakongoza koma saiwala.
Usiku umene unayamba kugogoda
chikepe cha phiri lino chinali chitafa,
chomwechi chimene ine ndimadyera malipiro pochikonza.
Ndinali kunsi kwake ndi sipanala, foni ili m'jekete pa msomali.
Fermín ndiye anamva kukuwa.
Anasiya mtanda pathebulo
nanyamula amayi ako, iwe uli momwemo,
kutsika masitepe zana limodzi ndi makumi asanu,
akufwenthera, akudandaulira woyera aliyense wa pa kalendala.
Kuchipatala anamwino anamuyesa bambo wako.
Ine ndinafika manja ali bii.

Nélida sanakangane nane. Anangoti,
"Msana ukumuwawabe munthu uja. Timulipira chiyani?"

Ndinawayesa onse awiri m'khutu mwako.
Eleuterio: lalitali, lokhotakhota ngati misewu ya kuno,
aphunzitsi adzalilakwitsa m'kaundula chaka ndi chaka.
Fermín: lalifupi, lotseka msanga ngati chitseko cha uvuni.
Iwe unangoyetsemula. Sunavote.

Dzulo ndinatsikira kwa amayi anga, a Herminia,
ndikudziwa kuti kumeneko mlandu ndiwina.
Ndinawapeza akuonera mpira, ndudu ili pamlomo,
timu yawo itagoletsedwa ziwiri.
"Amayi, ndikufuna kumutcha dzina la bambo."
Sanacheuke. Mpira unatuluka, unalowanso.
Kenako anati,
"Dzinalo ndinaliitana masabata atatu pamchenga
mpaka mawu anandithera. Silinayankhe.
Ukufuna ndiziliitananso madzulo alionse
mwana akachedwa kobwera kusewera?
Lisiye ligone. Ndatopa nalo."
Anagwedeza phulusa m'chitini,
nandituma kukagula machesi.

Lero ku ofesi ya kalembera
mayi wa magalasi anadikira, zala zili pa makina.
Ndinati Fermín.
Ndinayembekeza kuti pakhosi pandiwawa. Panawawadi, pang'ono.

Pobwerera ndinadzera kudoko.
Ndinagula nsomba imodzi, yoyamba pa mulu,
ndipo mnyamata wogulitsayo, osamupempha,
anaikulunga m'nyuzipepala.
Ndinaima kanthawi. Nyanja inali phee,
ngati sinalakwirepo munthu.

Risiti ija ndinaing'amba pakati.
Theka la bambo lili m'chikwama, kuseri kwa chiphaso.
Ukadzakula udzalipeza,
udzafunsa, ndipo ndidzakuuza zonse, za nsomba ndi za ukali womwe.

Chikepe chikuyenda tsopano, ndinakwera chomwecho,
chikulira pa mano ake akale.
Gona, Fermín.
Mwini dzina sanamve.
Ndimuuza mawa m'mamawa,
ndikamakabweza ngongole ya buledi ya masabata atatu.